Nkhope Imene Halima Akuidziwa

Limbuli, Mulanje
Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga a Safina,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Ahmadu. Kodi chifuwa chija munkadandaula nthawi yozizira chinatha? Nanga mabwana anu akadali kukugwiritsani ntchito mpaka Loweruka?

Kuno tonse tili bwino, alihamudulilahi. Bondo la amayi limavuta kukachita chiperoni basi. Pano kwatentha, ndiye akuyenda okha mpaka kumsika. Achimwene a Sudi akadali pa njinga yawo, kututa matumba kuchokera ku Muloza. Nandolo tinakolola, sanachite bwino ngati chaka chatha koma ndiwo sitikusowa.

Halima wanu ali bwino kwambiri. Akuthamanga tsopano, ndipo nkhuku za pakhomo pano zikumudziwa.

Mudabwa kuona kalata pamene foni ilipo. Mukundidziwa, achemwali. Pa foni mawu amandithawa. Mukandifunsa kanthu ndimangoti eya, kenako mukadula m'pamene ndimakumbukira zimene ndimafuna kunena. Ndiye ndati ndilembe. Zolemba zanga n'za Sitandade sikisi, mupirire nazo.

Ndiyambe ndi chimene chikupwetekeni mtima. A Osman, amene munawatuma aja, afika ku Joni kumeneko opanda Halima. Musawakwiyire. Anabwera ndi akazi awo kudzamutenga monga munapangana, mapepala a mwana onse ali m'manja. Diresi ndi nsapato zimene munatumiza kuti avale paulendo anatipatsa. Amene wakana ndine. Chonde werengani mpaka kumapeto musanandiimbire.

Mukukumbukira za anthu a kafukufuku aja anatipeza kusikelo? Ndinakuuzani pa foni kuti akufuna kuona mmene mitu ya ana ikukulira, inu n'kuvomera, munati bola asakamutenge magazi. Sanamutenge. Tsiku lathu linali sabata yapitayi, ndipo zonse zachokera kumeneko.

Anatiuziratu kuti mwana asadzolemo mafuta m'mutu, asalukidwenso. Amayi zinawanyansa. Anati mdzukulu wawo apita bwanji pagulu mutu uli mbuu ngati alibe abale. Anamudzoza nkhope ndi miyendo mpaka kuwala, kuti anthu aone kuti mafuta m'nyumba muno alimo.

Anatitenga ndi achimwene a Sudi pa njinga. Njira yonse ankandiseka. Anati amva kuti kumeneko amayeza magetsi a m'mutu mwa ana, ndiye Halima akapezeka nawo ambiri, iwo asiya kukatchajitsa foni kumsika, azingomulumikiza kukhutu. Ine sindinaseke.

Kuchipatala anatilowetsa m'kachipinda kakumbuyo. Anatilandira mayi wina dzina lake a Janeti, wamfupi, wolankhula mofatsa. Anandifunsa ngati ndine mayi ake a mwanayo. Ndinati ndine mayi ake aang'ono, mayi ake enieni ali ku Joni, anamusiya asanayambe kukwawa. Anafunsa kuti amamusambitsa ndani, amamudyetsa ndani, amagona ndi ndani. Zonsezo ndinayankha kuti ine.

Ndiye anati andijambula nkhope. Anafotokoza kuti mwana amuonetsa nkhope ziwiri pa galasi la kanema, ina ya munthu amene amamuona tsiku ndi tsiku, ina ya munthu amene sanamuonepo, kuti aone mmene ubongo wake uyankhire.

Achemwali, apa ndinachita chinthu chimene sindichita. Ndinalankhula osafunsidwa. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chanu chija muli pa geti mutavala mpango wobiriwira. Ndinati aike chimenechi, chifukwa mayi ake ndi awa, ndipo ndimamuonetsa tsiku lililonse.

A Janeti anachiyang'ana nthawi ndithu. Anati ndinu okongola, ndipo Halima anatengera mphumi yanu. Koma anati sizingatheke, kafukufuku wawo amafuna nkhope imene mwana amadzuka nayo. Ndinamva ngati ndakhala pa mpando wanu inu musanandiloleze.

Pojambula amakufunditsa nsalu yotuwa kumutu ndi m'mapewa, kuti amayi onse azioneka mofanana, ingotsala nkhope yokha. Amati uyang'ane kutsogolo ndipo usaseke. Kusaseka sikunandivute. Chinavuta n'kuyang'ana kutsogolo. Maso anga ankangothawira pansi, mpaka a Janeti anati, mayi, pansipo sitinatayepo kanthu. Anabwereza kangapo kuti chitheke.

Kenako anabweretsa chipewa. Si chipewa ngati chathu. Chili ngati kaukonde kotanuka, kodzaza timasiponji tating'onoting'ono, ndipo kumbuyo kwake kumatuluka mawaya ambiri omangidwa pamodzi ngati mizu ya anyezi. Anachiviika m'madzi ofunda a mchere n'kundipatsa kuti ndichigwire ndi dzanja langa.

Ndinafunsa ngati sichimugwira magetsi. Anati ayi, chipewacho sichilowetsa kanthu m'mutu, chimangomvetsera. Anati ubongo wa munthu aliyense, wanga, wawo, wa Halima, ukamagwira ntchito umatulutsa timagetsi tochepa kwambiri, toti sitingayatse ngakhale tochi. Mwana wamng'ono sangakuuze zimene akudziwa, ndiye iwo amamvetsera timagetsi timeneti m'malo momufunsa. Ndinaganiza za achimwene a Sudi ndi foni yawo, mtima n'kutsika pang'ono.

Pomuveka, mnzawo wa a Janeti ankauzira thovu la sopo m'mwamba. Halima ali kalikiliki kugwira thovu, chipewa chinali chitalowa kale. Madzi anatsikira m'khosi, iye n'kukwinya nkhope ngati amayi akalawa tiyi wopanda shuga. Mukanamuona mukanagwa n'kuseka. Ankaoneka ngati nanazi.

Anandikhazika pa mpando, Halima pamiyendo panga, tonse kuyang'ana galasi. Anandiuza kuti ndisalankhule, ndisaloze, ndingomugwira m'chiuno. Anatseka katani, m'chipinda n'kuchita kamdima.

Nkhope yanga inatulukira pa galasi, yaikulu ngati lichero. Sindinadzionepo chotero. Ndinafuna kubisala.

Halima anadumpha. Anakuwa kuti Aji, paja amanditchula choncho, n'kutembenuka kudzandiyang'ana, n'kuyang'ananso galasi, n'kutembenukanso. Anandigwira chibwano ndi kadzanja kake ngati akufuna kutsimikiza kuti sindinachoke. Chipewa chinapendekeka. A Janeti anaimitsa zonse akuseka, anati mwana ameneyu wadabwa kuti a Aji achuluka. Anachikonza, tinayambiranso.

Ulendo wachiwiri anakhala bwino. Nkhope zinkasinthana, yanga, kenako ya mayi wina amene sitimudziwa, naye atafunda nsalu yotuwa yomweyo, kenako yanganso. Iliyonse inkangokhala kanthawi kochepa.

Apa m'pamene ndikufuna mumvetse. Ine sindinkaona nkhope ya Halima, chifukwa anandifulatira. Koma ndinkamumva ndi thupi langa. Nkhope yanga ikabwera, ankalefuka, timiyendo n'kumamenya maondo anga. Ya mayi uja ikabwera, kamsana kake kankauma. Ankasiya kugwedezeka, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kutsamira pachifuwa panga, dzanja litafinya chitenje changa. Sanalire. Ankangoyang'anitsitsa, ali chete. Zinabwerezeka choncho mpaka anatopa n'kuyamba kukoka mawaya.

Titamaliza, a Janeti anandionetsa zimene zinatuluka pa kompyuta yawo. Inali mizere yambiri yokwera ndi kutsika, ngati mmene phiri lathu limaonekera ukaima pamsewu. Anati panopa palibe chimene angawerenge pamenepo. Amayamba achotsa malo amene mwana anagwedezeka, kenako amaphatikiza za ana ambiri, m'pamene zimaoneka. Koma anati kawirikawiri ubongo wa mwana umayankha mosiyana ukaona nkhope yodziwika ndi yachilendo, ndipo umayankha munthu asanamalize n'kuphethira komwe. Kusiyanako ndi kumene kumawauza kuti mwana akusunga zinthu m'mutu, ndiye amaona mmene zikusinthira akamakula.

Ndinalimbanso mtima. Ndinafunsa ngati makinawo angadziwe ngati Halima akukumbukira mayi ake. Anati ayi, sandinamiza. Anati makinawo sayeza chikondi, ndipo sanena za mwana mmodzi. Anangowonjeza kuti mwana wa msinkhu uwu amaphunzira nkhope imene ili pafupi naye, ndipo amaphunzira msanga, bola aiona, aimva mawu, aigwira.

Tinabwerera kunyumba Halima ali ndi timabwalo tating'ono pamphumi pamene panakhala masiponji. Timabwaloto tinafufutika tisanafike. Achimwene a Sudi anafunsa ngati magetsi apezeka. Ndinati apezeka koma ndi ochepa. Anati basi, wangotengera abambo ake. Amenewo ndi mawu awo, musawauze alamu.

Madzulo ake nditamusambitsa, ndinachita zimene ndimachita masiku onse. Ndinamukhazika pamiyendo, n'kutsegula chithunzi chanu, n'kunena kuti amama awo.

Achemwali, kamsana kanauma. Anabwerera m'mbuyo n'kutsamira pachifuwa panga. Dzanja linafinya chitenje.

Zinali ndendende ngati kwa mayi wa nsalu yotuwa uja.

Wakhala akuchita zimenezi kuyambira kale, koma ine ndinkaganiza kuti ndi mmene mwana amasonyezera kuti wakusowani. Ndinkauzanso amayi kuti taonani, wangoti chete, akuwaganizira mayi ake. Ndikanapanda kumumva pamiyendo panga akuyang'ana munthu wachilendo, sindikanadziwa mpaka lero.

Pali chinanso. Mawu akuti amama ndinakusungirani. Sindinalole kuti anditchule choncho ngakhale tsiku limodzi, ndi chifukwa chake ndili Aji. Paja munasangalala tsiku lija ananena kuti amama inu muli pa foni. Nanenso ndinasangalala. Koma m'mawa mwake nditachoka kuchipatala ndinayamba kutchera khutu. Achimwene a Sudi anatulutsa foni yawo, Halima n'kuiloza kuti amama. Anadutsa wogula nandolo akulankhula pa foni, iye amama. Foni yanga itazima, galasi lili bii, anaitola pa mkeka n'kubwera nayo kwa ine akuti amama.

Achimwene anaseka poyamba, anati ndiye mwanayu ali ndi amayi ambiri, ena ali m'thumba mwa a sheikh. Ataona nkhope yanga anasiya.

Sindikulemba izi kuti mulire, ngakhale ndikudziwa kuti mulira. Simunalakwe kupita. Malata ali pa nyumbayi ndi inu, mankhwala a amayi ndi inu, phala limene lamunenepetsa Halima ndi inu. Ine ndimangotakasa. Ndipo wolakwa si mwana. Galasi la foni n'laling'ono, mawu amaduka, ndipo silinunkhira munthu.

Ndiye a Osman atafika ndi akazi awo, ndinamuveka Halima diresi lija. Linamukhala bwino. Akazi a Osman ndi munthu wabwino, anabwera ndi mabisiketi, anagwada pansi n'kumuitana ndi dzina. Halima anaima pakati pa miyendo yanga, kamsana kali gwa.

Ndinayamba kuona ulendo wonse m'maso mwanga. Basi ya ku Blantyre, kenako basi yaikulu ija, Mwanza, Tete, mizere ya pa malire, kugona m'njira, iye ali m'manja mwa anthu amene sakuwadziwa. Akamayang'ana uku ndi uku kufuna nkhope imodzi yodziwika, osaipeza. Ndiye pofika, inu n'kuthamanga mutatambasula manja, mukulira ndi chimwemwe, iye n'kuuma thupi n'kukakamira akazi a Osman, chifukwa iwowo ndiye wawazolowerako pang'ono m'njira.

Chimenechi ndi chimene ndalephera kupirira. Osati za Halima yekha. Za inu. Mwadikira nthawi yonseyi, mwagona ndi njala kuti musunge za ulendowu. Sindikufuna tsiku loyamba mwana wanu akuyang'aneni ngati mayi wa nsalu yotuwa, muli kutali, popanda wina womuuza ndi thupi lake kuti usaope, awa ndi athu. Komanso m'mawa mwake inu mupita kuntchito, iye n'kutsala ndi nkhope inanso yachilendo.

Ndinauza a Osman kuti mwana sapita. Mawu anatuluka ang'ono, mpaka anandifunsa kuti ndati chiyani. Ndinabwereza. Anati iwo ndi otumidwa chabe, sangalande mwana pamsana pa munthu, koma ndikufotokozereni ndekha chifukwa iwo sakufuna kukatukwanidwa ku Joni pa mlandu wa ku Limbuli. N'chifukwa chake kalatayi abwera nayo ndi iwo, anati adzadutsa kudzaitenga asananyamuke.

Amayi anandikalipira a Osman atachoka. Anati mwana ndi wa mwini wake, ndipo ine ndikungobisala kumbuyo kwa makina a azungu, zoona zake n'zakuti sindikufuna kusiyana naye. Ndinapita kukachapa.

Ndili kumtsinje ndinadzifunsa ngati amayi akunena zoona. Sindikubisirani, mbali ina akunena zoona. Ndikaganiza zodzuka m'mawa popanda kaphazi kondiponda pamimba, chakudya sichilowa. Ndinamulandira ali kakhanda, dzino lake loyamba linaluma chala changa. Tsiku limene adzapite ndidzalira, ndipo mudzangondisiya ndilire.

Koma zikanakhala za ine ndekha, ndikanakupemphani kuti mumusiye kuno mpaka akule. Sindikupempha zimenezo. Ndikupempha kuti mubwere mudzamutenge nokha.

Munanena kuti mabwana anu amapita kutchuthi mu Disembala. Bwerani nthawi imeneyo. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wodula ndipo alamu adandaula. Auzeni kuti wapempha ndi Hajira, amene sanawapemphepo kanthu chikwatirireni inu.

Ndaganiza kale mmene tidzachitire. Masiku oyamba ndidzamukhazika pamiyendo panga, inu n'kukhala pafupi nafe pa mkeka, osamukakamiza. Azidzakuonani mukudya m'mbale imodzi ndi ine. Kenako phala muzidzamupatsa ndinu ine nditamugwira. Kenako kumusambitsa. Amadana ndi madzi kumaso, muzidzayamba miyendo. Akafuna kugona amakoka khutu la amene wamunyamula, musadzadabwe. Akadzayamba kugona kumsana kwanu, ine ndidzapita kwa azakhali ku Chonde masiku angapo, kuti akadzuka azipeza inu. Ndikadzabwerako n'kupeza kuti wagwa n'kuthamangira kwa inu ine ndili pomwepo, ndidzadziwa kuti zatheka. Pamenepo ndidzakuperekezani ndekha mpaka kokwerera basi ku Blantyre.

Pakali pano nditumizireni chitenje chimodzi chimene mwafunda, osachapa. A Osman akuti abweranso mwezi wamawa. Ndizimuberekera chimenecho. Ndipo pa foni musamangofunsa ngati wadya. Muzimuimbira kanyimbo kaja munkandiimbira ine pondiluka tsitsi, kuti mawu anu awazolowere. Ine ndikaimba amanditseka pakamwa.

Nsapato zija zachepa, chala chachikulu chikupindika. Musadandaule, simukanadziwa. Ndazisunga m'chikwama. Zina mudzamugulira kuno, mutamuyeza ndi manja anu.

Chomaliza ndi ichi. A Janeti anati adzatiitananso chaka chikayamba, kuti aone mmene Halima wakulira. Ndinawafunsa kuti mayi ake akadzakhala atabwera, adzajambula ndani. Anati adzafunsa mafunso omwe aja, amamusambitsa ndani, amamudyetsa ndani, amagona ndi ndani. Amene adzayankhe kuti ine, ndi amene adzafunde nsalu yotuwa.

Ndikufuna mudzayankhe ndinu, achemwali. Ndikufuna mudzakhale pa mpando uja, iye ali pamiyendo panu, nkhope yanu n'kutulukira pa galasi yaikulu ngati lichero, mudzamve nokha timiyendo tikumenya maondo anu. Ine ndidzadikira panja ndi achimwene a Sudi. Mukadzatuluka simudzafunika kundiuza kanthu.

Ngati mwakwiya, imbani mundikalipire. Ndidzangoti eya monga mwa masiku onse. Koma mwana ndimusunga mpaka ndione nkhope yanu pakhomo pano.

Amayi akupereka moni, mkwiyo wawo watha ndipo ayamba kale kunenepetsa tambala wa alendo. Achimwene a Sudi akuti muwabweretsere tchaja, poti mwana uja wawakhumudwitsa. Mundiperekere moni kwa alamu a Ahmadu, ndi kwa onse a kwathu amene mumakumana nawo kumzikiti. Allah akusungeni pantchito, akutsegulireni njira, akufikitseni kuno muli amoyo, inshallah.

Muyambiretu kuyeserera pa galasi lanu. Pojambula amati munthu asaseke. Ine sizinandivute, koma inu ndi kuseka kwanu kuja, kaya a Janeti adzatha bwanji. Halima naye amaseka choncho, mutu kumbuyo, maso otseka. Sanaphunzire kwa ine.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Hajira